Nambala Seveni

Anandipatsa ntchitoyi chifukwa ndimaphunzitsa masamu.
Akuti wodziwa kugawa
sangakondere mwana wa mlongo wake.

Mausiku atatu ndi lula ndi pensulo,
kujambula mabokosi asanu papepala:
msana, mapazi, kumva nyimbo, kugwirana, nkhope.
Lililonse malikisi khumi.
Mayi Olinda, amene anavinapo valisa ku Beira ali namwali,
anati nkhope ichoke, kumwetulira si luso.
Tinakangana mpaka tiyi kuzizira.
Nkhope inatsala, koma ya malikisi asanu.

Loweruka, holo ya koleji kuno ku Ulongwe.
Simenti tinaikwecha ndi kandulo kuti iterere.
Kunja chisanu cha Juni, mkati polishi ndi thukuta,
manambala olembedwa pa makatoni a sopo
atabayidwa ndi mapini kumisana.

Nambala seveni: Zefaniya wa ku Domwe,
nsapato zobwereka kwa katekisiti, zazikulu,
kuzala atapakirako nyuzipepala.
Mapazi ozolowera mizere ya kachewere,
amaponda ngati pansi pali chibuma choti chiswedwe.
Ndinalemba folo. Sindinazengereze.

Pakati pa valisa magetsi anathima.
Wina kumbuyo anakuwa, "Kodi sawapangira kwathu konkuno?"
Holo yonse phwete, mafoni kuyaka apa ndi apo.
Ovina anaima, manja m'chiuno.
Seveni yokha ayi.

Ndinamva Benedita akuwerenga chapansipansi,
modzi, wiri, tatu, modzi, wiri, tatu,
ndipo m'kuwala kwa tochi ya mlonda
ndinaona chala chake chachikulu
chikudinikiza phewa la mnyamata: uku, tsopano, tembenuka.
Lamulo lachitatu ndinalemba ndine:
wotsogolera ndi mwamuna.
Anazungulira holo kawiri,
nsapato yakumanja ikuti khwa, khwa,
osagunda mpando ngakhale umodzi.

Magetsi atabwera ndinayang'ana mabokosi anga.
Ndinawonkhetsa kawiri, mwachizolowezi.
Twente-sikisi pa fote-faifi.
Chikho anatenga a nambala thuu, ndipo chinali chawodi,
misana njoo ngati mabulugama a kumishoni.

Mayi Olinda akupinda pepala lawo
ndinaona pangodya atalemba kanthu n'kufufuta.
Sindinafunse.

Lolemba ola loyamba ndili ndi onse awiri m'kalasi,
tikuyamba masamu ogawa okhala ndi zotsala.
Katekisiti watumiza kale mwana kudzafunsa nsapato.