Chigamba

Bambo anga amasoka zigamba ku Kamwala,
pa mawondo a mathalauza a anthu osawadziwa.
Ine ndimasoka zanga usiku ku Chilenje,
magetsi akatikumbukira.

Pulogalamuyi ilibe mwini mmodzi.
Waona pong'ambika, tenga singano.
Ine ndinapaona: inkakana dzina langa, Ng'oma,
ati kachizindikiro kali pakatipo ndi chitsotso.

Mizere isanu ndi iwiri basi.
Ndinaikulunga mu imelo, n'kuiponya
bandulo isanathe.

Masiku anayi, zii.
Kenako wina wa kutsidya kwa nyanja,
wosapereka ndi moni womwe:
"Msoko wakhota. Fotokoza chifukwa. Tumizanso."

Ndinatukwana khoma.
Bambo anaseka, ulusi uli kukamwa:
"Wobweza chovala ndiye wachiyang'anitsitsa."
Ndinamasula, ndinasokanso.
Chinabwereranso. Ndinasokanso.

Lachiwiri, m'minibasi pa Kulima Tower,
foni inanjenjemera m'thumba.
Liwu limodzi lokha: "Chalowa."
Kondakitala ankakangana ndi mayi wina za chenji.
Sindinauze munthu.

Kwinakwake Ng'oma wina akulemba dzina lake,
likulowa bwinobwino,
ndipo sadzadziwa n'komwe
kuti pamenepo panali pobooka.