Fumbi la Mayi Namathanga

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndatsuka mabotolo awo.
Anatsikira pa Goliati mvula ikuwaza,
chikwama chimodzi cha zovala, makatoni atatu a mabuku,
dzina lawo lilibe kanthu kutsogolo,
Esinala basi, mwana wa wothyola tiyi ku Makwasa.

Tsiku loyamba anazula tsitsi limodzi pamutu pawo.
"A Khoviwa, ling'ambeni ili m'litali,
mung'ambenso, mung'ambenso,
mpaka tizidutswa tikwane zikwi makumi asanu ndi atatu.
Kamodzi ka timeneto ndiye munda wanga."
Ndinaseka mwaulemu.
Mumtima ndinati sukulu ikachuluka imazunguza mutu.

Tinkaotcha mankhusu a mpunga
amene a chigayo ankatipatsa ulere akutiseka,
ng'anjo ikwere maola asanu ndi limodzi
kuti titute phulusa loyera losadzaza supuni.
Magetsi akathima pa ola lachisanu
ankangovula magolovesi, nakhala pa sitepe,
kuyang'ana mizere ya tiyi ikutsetsereka ku Ndata.
Chiperoni naye ankalowa osaodira,
kunyowetsa ufa wa sabata yonse.

Makina oonera tosaoneka anafa chaka chachinayi.
Kachitsulo kake kanagona pa chipata cha Mwanza
miyezi khumi ndi umodzi, kudikira chidindo.
Ndiye fumbi lathu linkapita ku Joni mu envulopu
monga ankapitira agogo anga pa Wenela,
ndipo monga iwowo
nthawi zina silinkabwerako.

Anachoka zaka zinayi, kudziko kopanda dzuwa.
Mayi awo anaikidwa iwo ali komweko;
nyimbo za kumanda anazimvera pa foni
imene ndinagwira ine, mkono m'mwamba, pachulu.
Anabwera ndi magalasi, imvi zitatu,
ndi udokotala wosabaya jekiseni.
Anzawo awiri anatsalira. Sitiwatchula ndi mkwiyo.

Ndimadziwa tsiku lokanidwa pepala:
amadya chinangwa chawo ataimirira,
nanena za munthu wina, Woyesa Wachiwiri,
wopanda nkhope, wopanda mudzi,
amene sakhulupirira kuti ku Thyolo kungakhale sikelo yoona.
Kenako amapukuta pakamwa, natenga choko,
ana mazana awiri akudikira m'holo,
ena osadya, ena akuwodzera,
mmodzi kumbuyo, Alinafe Muhiwa, maso ali gwa,
amene lero akuotcha yekha ng'anjo
ndipo amandikalipira ndikasiya dontho m'botolo.

Ku Thekerani tinasiyako mitsuko isanu ndi iwiri
yopakidwa fumbilo m'kati.
Madzi olowa ofiira amatuluka oyera.
Atatu anasweka, umodzi anasungiramo nandolo.
Atolankhani atafuna kuti anene kuti agonjetsa matenda
anakana. "Padakali manambala," anatero,
"bwerani mvula zitatu zikadutsa."
Sanabwerenso.

Mwezi watha kalata inafika yoti ndi pulofesa.
Kunalibe nthungululu, unali Lachiwiri,
madzi atasiya kutuluka m'mipope.
Anandiitana, nandionetsa tsamba lomaliza la pepala lawo,
pansi penipeni, pamene anthu safikapo powerenga.
Ndinachita kubwereka magalasi awo.

F. Khoviwa, amene manja ake
sanadetsepo chilichonse mwa zoyesedwazi.

"Pepani, timalemba take n'tating'ono," anatero.
Ndinati, Mayi, inu ndi ine
takhalira limodzi kokwanira kuti tidziwe
zimene tating'ono timachita.

Anaseka mpaka kugwira tebulo.
Kenako anayang'ana wotchi,
ine ndinatenga ndowa
kukatunga madzi otsukira a mawa.