Chimbale Chachitatu

Ziwiri zoyambazo tinazikonda eni akefe.
Zikadali m'katoni kunsi kwa bedi la Lonjezo ku Chilomoni,
mphemvu zikuswana m'menemo.

Chachitatu tinachijambula mwaphuma
m'galaja ya amalume ake a Nyokase,
magetsi akayaka timathamangira zida,
akazima timakangana.
Gitala yanga inali ndi nsambo zisanu,
inayo inaduka Lachiwiri, ndalama panalibe.
Mayeso anaimba ali ndi chimfine.

Ndicho chinagulidwa.

Lero ndili m'minibasi ya ku Limbe,
bondo langa latsamira thumba la makala la eni.
Pa Ginnery Corner dalaivala wakweza wailesi
ndipo ndamva chala changa chikuterereka pa nsambo,
cholakwa chija tinati tidzakonza mawa.
Kondakitala akuchiimba ndi mluzu,
cholakwacho, ndendende.

Kumsika anyamata amachithira m'mafoni
pa mtengo wa chimanga chootcha.
Komabe ine ndinafolerako nyumba,
Nyokase anagula firiji,
kenaka tinasiya kuyankhulana.

"Otsika pa Chichiri!"
Ndine, koma ndakhala chete.
Ndikufuna ndimve Mayeso
akutsokomola kumapeto kwa nyimbo.