Chidebe Chobowoka

Loweruka, m'holo ya ku Chirunga,
nsalu yoonetserapo inali ndi khwinya pakati,
motero nkhope iliyonse inathyoka pamphuno.
Filimuyo inkaseka amalonda a zaluso:
mayi wa magalasi aakulu ngati mbale
anapachika chidebe chobowoka pakhoma loyera
n'kuchitcha "Ludzu la Mtundu."
Olemera anaima duu, manja kumbuyo,
wina mpaka misozi chuchuchu.

Tinaseka. Likoswe anaseka mpaka kutsamwa.

Koma ndinene chilungamo:
nthabwala ya chidebe inabwera kanayi,
kachitatu inali itazizira kale.
Wosewera wandevu uja ankakuwa kwambiri,
ngati uchitsiru sumveka ukanong'ona.
Amene anandigwira mtima ndi mnyamata wosesa,
wopanda mawu filimu yonse,
yemwe anatsitsa chidebecho n'kuthiramo zinyalala.
Kamera inamutsata masekondi khumi basi.
Apo pokha mpamene wojambula anatsekula maso.

Potuluka, nkhungu inali itatsika ku Chawe.
Ine ndimapenta zikwangwani ku Matawale:
nkhuku, mitu yometedwa, "Ngongole Mawa."
Dzana mlendo wina anagula chakale cha wometa tsitsi,
chodyedwa ndi dzimbiri, chomwe ndinataya kuseri.
Akuti chili ndi mzimu.
Ndinavomera ndi mutu, nkhope ili phee,
manja kumbuyo.

Pa depoti Likoswe anafunsa:
nanga, yabwino?
Ndinati theka.
Theka linalo sindinalione bwino,
ndinali kuwerenga mumtima
zidebe zobowoka zomwe zili kwathu.