Chobiriwira Chopanda Penti

Magetsi abwera cha m'ma leveni usiku,
choncho ku Mount Pleasant ntchito yanga imayamba anzanga atagona.
Botolo ndatsuka katatu.
Ndathiramo sitayirini, wonunkha ngati guluu wa osoka nsapato pa Copacabana,
kachitsulo kotakasira kayamba kuvina pansi pa madzi ofunda.
Kakangoima, magetsi atathawanso,
zonse zimaundana, sabata yathunthu n'kuthera m'sinki.

Maola asanu ndi atatu.
Madzi oyera mbee asanduka mkaka.
A Zvavamwe, alonda a pageti, asuzumira pakhomo,
afunsa ngati shuga ndili naye.
M'dontho limodzi la mkaka wosamwedwawu
muli timipira toposa anthu onse
amene anakwerapo kombi mu Harare muno,
kalikonse kolingana ndi kanzake,
mananomita mazana awiri ndi makumi atatu.
Pambali pake tsitsi langa ndi chipika.

Sindine ndimatindandalika, zala zanga n'zazikulu.
Ndimangoimika kagalasi m'botolo,
papepala ndilembe kuti musagwedeze tebulo ili,
madzi aziuluka okha masiku atatu.
Tokha timakankhana, timapezana malo,
monga amayi a pa Mbare Musika asanjira malalanje:
atatu pansi, limodzi pampata pamwamba,
mzere pa mzere, popanda wolamula.

Lachinayi m'mawa kagalasi kabiriwira.
Ndakapendeketsa, kasanduka buluu.
Ndapendeketsanso, jakaranda wa mu Okutobala.
Penti mulibe, utoto mulibe,
polimayu ndi wotuwa ngati chikho cha yogati.
Kuwala kwalowa, kwapeza mipanda yotalikirana mofanana,
mitundu ina yadutsa,
umodzi wakanizidwa njira, wabwerera m'diso langa.
Makina oyezera ajambula kaphiri kamodzi pakompyuta,
koma kachifupi, kophwanyuka m'mbali,
ndipo miyezi inayi sindidziwa chifukwa chake.

Loweruka ndakaika m'bokosi la machesi,
ulendo wa ku Mufakose, dzanja lili pathumba njira yonse.

Bambo anga, a Kachingwe,
zaka makumi atatu anapopera magalimoto ku Magaba,
mpaka lero chifuwa chawo chimalira ngati kompuresa yotopa.
Chishona ndi cha pamsika ndi kutchalitchi,
Chichewa chimawatuluka akakwiya kapena akadabwa.
Atembenuza kagalasi padzuwa la pakhonde.
"Iwe Mwatitha, chitini chake chili kuti?"
Ndati kulibe.
"Palibe mtundu wopanda chitini."

Ndisanawaletse, akanda pakona ndi chikhadabo chawo chakuda chija.
Pachala patsala fumbi loyera ngati choko.
Ayang'ana chala. Ayang'ana galasi.
Ayang'ananso chala.
"Nanga wapita kuti?"

Ndinafuna kunena kuti sunali m'fumbimo,
unali m'kakhalidwe ka timipirato, m'mipata ya pakati pake,
koma iwo anali atasendeza kale magalasi awo pamphuno,
akulondola ndi diso timing'alu
tomwe ine ndimationa ndi maikulosikopu.
"Kauma mothamanga aka.
Unakaika pamphepo, kapena pamoto wambiri.
Boneti ya Peugeot imatero ukaifulumizitsa,
pamwamba pauma, pansi pakadali pakupuma."

Ndakhala chete. Mayi akuchapa kuseri, mpopi ukungodontha.

Lolemba ndatsitsa uvuni madigiri khumi,
ndavindikira botolo ndi pepala loboola katatu,
ndadikira sabata ndi theka, ndikuluma cholembera.
Kaphiri kaja kakwera, kasongoka.
Ming'alu ikadalipo, koma yatalikirana.

M'buku la mu labotale, pamzere wolemba kumene njira yachokera,
ndinayamba ndasiya mpata.
Kenako ndalemba: K., Magaba, shedi yachitatu kuchokera kunjanji.

Kagalasi koyamba kaja sanandibwezere.
Kali pawindo pawo, pakati pa wailesi ndi botolo la mankhwala a chifuwa,
kona imodzi yoyera,
ndipo madzulo, akuti, amasuntha mpando pang'onopang'ono
mpaka buluu atabwera.