Mfundo Zisanu ndi Imodzi

Chikwangwani cha pamlongoti wa padoko
chili ndi nambala imodzi basi: sikisi.
Mbalame zaidonthezera zoyera pamutu
koma ikuwerengekabe.
Amalinyero amayesa liwiro la pamadzi ndi mfundo.
Ine ndimati eya, mfundo zisanu ndi imodzi,
yoyamba ndi yakuti mtsinje uno si wako wekha.
Zinazo udzaziphunzira m'matope.

Ndine Morwenna Tresidder.
Loweruka ndimalondera mtsinje wathu wa ku Cornwall kuno
m'kaboti ka injini yotsokomola.
Kawiri pa tsiku nyanja imalowa muno osaodira,
kawiri imatuluka osatsanzika,
kusiya matope ali ng'aning'ani ngati chiwindi.

Lero kunadza boti loyera,
mipando ikadali m'mapulasitiki,
mphuno m'mwamba ngati mwana wokana mankhwala.
Wothamanga pamadzi sacheuka,
pomwe mlandu wake umatsalira kumbuyoko.
Funde loyamba linagwedeza boti lomwe a Denzil Hosken amagonamo,
tiyi khuthu pa nyuzipepala.
Lachiwiri linanyamula kabwato ka mtsikana wa zaka khumi,
nkhafi n'kumupulumuka,
ndinamumva akuitana mayi ake.
Lachitatu silinachite phokoso.
Linangofika kugombe, n'kunyambita dothi
pansi pa chisa cha tsekwe woyera,
monga linachitira la dzulo, ndi la dzana.

Ndinamuimitsa pokhota.
Magalasi akuda, khungu lopsa ndi dzuwa, dzina lake Crispin.
Akuti, mayi, ndikuthamangira madzi asanaphwe,
kumtundako anzanga andisungira tebulo.
Ndinati, bambo, madzi ali ndi wotchi yawo,
amaitchera ndi mwezi, osati inu.
Mukuiona migolo yoyandamayo?
Pokwera mtsinje, yofiira ikhale kumanzere,
yobiriwira kumanja,
pakati pakepo ndiye msewu.
Kunja kwake madzi amangovala nkhope yakuya,
pansi ndi phala.
Anagwedeza mutu ngati wamva,
ndinalemba m'buku, anasaina osawerenga.

Mpaka pomwe maso anga amafika anayenda bwino.
Atakhota, ndinamva injini ikulusanso.

Kufulumira kudya mpiru wotentha kumapsetsa lilime.
Pa ola lachitatu wailesi inalira m'thumba.
Ndinamupeza atadula njira kuseri kwa mgolo wobiriwira,
boti litagona cham'mbali ngati ng'ombe yodwala,
chopukusira madzi chili m'mwamba, chikudontha thope,
timbalame tamiyendo yaitali tikuyendera mozungulira
ngati tikuwerengera mtengo wake.

Akuti, mundikoke.
Ndinati, pano palibe chingwe chingakukokeni.
Musatsike, thopeli limameza mpaka m'chiuno.
Valani jekete yoyandamitsayo, mumange lamba,
madzi adzakutengani okha cha m'ma naini usiku.
Maola sikisi? Anafunsa.
Ndinangoyang'ana kumbali, kuopa kuseka.
Nambala ija yamupezanso.

Dzuwa litapendeka a Denzil anapalasa mpaka pomwe madzi amathera,
anamangirira fulasiki kunsonga ya mlongoti wautali
n'kumupatsira mlendoyo, osanena kanthu.
Tiyi yemwe uja, wachiwiri.

Madzi anabwera monga amabwerera,
osathamanga,
chala chimodzi, kenako chikhato,
kudzaza mapazi a mbalame limodzi ndi limodzi,
kugogoda pansi pa boti pang'onopang'ono
mpaka linadzuka.

Ndinamutsogolera kutsika ndi nyali yanga,
yofiira tsopano kumanja.
Podutsa pa a Denzil anachepetsa moto koposa momwe ndinamuuzira,
mwakuti nyenyezi za m'madzi zinangogwedera pang'ono.
Sindikudziwa ngati Loweruka likudzali adzakumbuka.
Ambiri sakumbuka.
Mawa ndipita ndi chidebe ndi burashi
kukatsuka nambala ija.