Kalaliki Mnzanga

Madzi ataphwa kuno ku Nchalo
tinayanika mabuku a pasukulu pa malata
ngati makakana ong'ambidwa pamimba.
Limodzi linalibe chikuto, likununkha matope.
Aphunzitsi a Alufandika anati,
tengani, mukakolezere mbaula.
Ine ndinalilowetsa m'chikwama cha kaundula.

Usiku, udzudzu ukulira m'khutu,
ndinamatula masamba ake ndi mpeni wosendera mbatata.
Aejipito.
Ndinkadziwa a kutchalitchi okha,
ouma mtima aja, a magaleta ndi akavalo.
Muno ndinapezamo ena,
anthu odikira mtsinje kuti usefukire
monga tidikira malipiro pakutha pa mwezi.
Dziko lawo ankalitcha lakuda
chifukwa cha dothi limene madzi ankasiya.
Ndinasuzumira panja, makande athu ali mbuu ndi mwezi.

Ati ankalemba pa gumbwa,
gumbwa yemweyu amene mkazi wanga Nyamazawo
amadula kudambo, maso ali pa ng'ona,
kuti aluke mphasa za kumsika wa Lachiweru.
Nditamuuza anaseka:
ndiye kuti zaka zonsezi mumagonera pa makalata?

Mafumu ndinawadumpha.
Achuluka, mzere wake ngati odikira chimanga kudepoti,
uyu anamanga manda, uyu anafufuta dzina la mnzake,
zaka zikwi zitatu za zomwezo.
Koma patsamba lina lodyeka ngodya
panali chithunzi cha phale la mwala,
zilembo zakuda, zina zofiira,
ndipo pansi pake anamasulira.
Anali kaundula wa amisiri osema manda.
Wakuti sanabwere, wamuluma chinkhanira.
Wakuti sanabwere, akufulula mowa.
Wakuti maso akumuwawa.
Wakuti akukulunga mtembo wa mayi ake.

Ndinaika buku pansi.
Kalaliki mnzanga!
Iwenso unkaima m'mawa dzuwa lisanapse,
kuitana mayina, kuwerenga mitu,
kudedwa ndi anzako, kukalipiridwa ndi akuluakulu?
Iwenso unkadziwa wonama ndi wodwaladi
n'kuwalemba onse ndi dzanja limodzi?

Ine ndimalemba odula nzimbe, zaka khumi ndi zinayi tsopano.
Fomu yanga ili ndi timabokosi tiwiri basi,
chongi kapena mtanda.
Zuze Fombe, mtanda.
Mandere Tchale, mtanda, mtanda, mtanda,
sabata yonse imene ankafukula mchenga wa mtsinje wa Mwanza
kufunafuna mng'ono wake.
Anapeza nsapato imodzi.
Bokosi la nsapato imodzi palibe pa fomu.

Aejipito aja ankajambula mizere pa makwerero a mwala
kuti adziwe pamene madzi afika chaka chino.
Ifenso tili nawo mzere wathu
pakhoma la kalasi yachinayi,
wofiirira, wopitirira bolodi pang'ono.
Mwezi wamawa akubwera kudzapaka laimu.

Lolemba ndinanola pensulo.
M'mphepete mwa fomu, m'kampata kopapatiza,
ndinayamba kulemba timawu tating'ono ngati nyerere.
Felizi Khembo, mwana watsegula m'mimba.
Jofilisi Semba, wakabzala mbatata kudimba, chinyezi chisanathawe.
Thenesi, waledzera, wavomera yekha.
A kapitawo anayang'ana, nati,
ichi n'chiyani, kompyuta siwerenga zimenezi.
Ndinati sindikulembera kompyuta.
Nanga ndani?
Ndinasowa choyankha. Ndinaloza kumtsinje,
mwina chifukwa ndiko kunali kutsogolo kwanga.

Masamba omaliza a bukuli anamatana zedi,
asanduka njerwa, mpeni ukukanika.
Sindikudziwa kuti Aejipito anathera pati,
kaya anagonjetsedwa ndi yani,
kaya kalaliki uja analandira penshoni.
Nyamazawo akuti ndiliviikenso m'madzi, lifewa.
Ndikuopa.
Lili pawindo, ndalitsamiritsa ku botolo la mchere,
ndipo madzulo mphepo ikachokera ku Shire
limanunkhabe mwezi wa Malichi.